DUNDUZU CHISIZA: KHOTEKHOTE NGWA NJIRA

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'makwalala a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 mumaoneka magulu awiri a achinyamata. Ena amayenda monyadira, akulandira mafuno abwino kwa abale ndi anansi. Ena amabindikira m'nyumba, kuopa mafunso a anthu pa mpopi ndi pa msika. Ife aphunzitsi timawadziwa onsewo ndi maina awo, ndipo pakapita zaka zisanu kapena khumi timaona chinthu chodabwitsa: si onse okhoza aja amene zawayendera, ndiponso si onse olephera aja amene atayika. Kawirikawiri chowasiyanitsa chimakhala chakuti wina amadziwa zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mtima wake watsamirapo, zimene sangazigulitse pa mtengo uliwonse, pamene mnzake amangotengeka ndi mphepo imene yaomba tsiku limenelo.

M'danga lino lero tikumbukira munthu amene analephera mayeso a Sitandade 6, nakhala ndi moyo zaka 32 zokha, koma amene dzina lake silisowa m'buku lililonse lonena za ufulu wa dziko lino. Munthuyo ndi malemu Dunduzu Kaluli Chisiza, amene anzawo ankangowatchula kuti Du. Sitikuwakumbukira ngati munthu wopanda banga, pakuti zolakwa anali nazo ndipo tizitchula. Tifuna tione m'mene mfundo zochepa zimene anazigwiritsitsa zinawatsogolera pa mphambano iliyonse ya moyo wawo, kuti nafenso tiphunzirepo kuzindikira zathu.

KUTSIKA PHIRI CHIMANJAMANJA

Dunduzu anabadwa pa 8 Ogasiti 1930 ku Florence Bay, dera la Chitimba m'mphepete mwa nyanja, kunsi kwa phiri kumene kuli mishoni ya Livingstonia. Bambo ake, a Kaluli Chisiza, anali nyakwawa ndiponso mlimi, ndipo Dunduzu ndiye anali mzime m'banja la ana ambiri. Mmodzi wa akulu ake anali Yatuta, amene tikumana naye kutsogoloku. Mnyamatayu anayamba sukulu ku Uliwa m'boma la Karonga, kenaka anakwera phiri kukagonera konko ku Livingstonia, sukulu imene inali itatulutsa kale anthu otchuka monga Levi Mumba ndi Clements Kadalie. Koma m'chaka cha 1949 mayeso a Sitandade 6 anamukanika, ndipo anatsika phirilo wopanda setifiketi m'manja.

Kuti timvetse kulemera kwa nkhaniyi tiyenera kukumbukira m'mene zinthu zinaliri masiku amenewo. Sitandade 6 ndiyo inali kalasi yomaliza ya pulayimale, ndipo m'dziko lonse la Nyasaland munali sukulu zazikulu za sekondale ziwiri zokha, ya Blantyre imene inatsegulidwa mu 1940 ndi ya Akatolika ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1942. Ngakhale okhoza bwino ankalimbirana malo owerengeka. Kwa wolephera, njira zodziwika zinali kubwerera kumudzi kukagwira khasu ndi ukonde, kulembetsa kwa Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, kapena kutsata anzake ku mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia. Anyamata zikwizikwi anatsata njira zimenezi, ndipo palibe angawadzudzule, pakuti njala siidikira munthu.

Dunduzu anasankha njira ina. Analowera kumpoto, ku Tanganyika, kumene anagwirako ntchito ya ukalaliki ku Dar es Salaam kwa kanthawi kochepa. Kwa mnyamata wopanda setifiketi, ntchito ya mu ofesi mumzinda waukulu unali mwayi woti ambiri akadaukumbatira mpaka ukalamba. Iye anaisiya, napitirira ulendo mpaka ku Uganda kukakhalanso pa benchi la sukulu. Sukuluyo inali Aggrey Memorial, yotchedwa dzina la Dr James Aggrey, mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast amene anadzacheza m'dziko muno mu 1924. Kumeneko anakhala zaka zingapo, akudzipezera zosowa zake ndi maganyu, ndiponso akuyendera limodzi ndi ophunzira a ku Nyasaland amene anali pa koleji ya Makerere. Potsiriza pake anakhoza mayeso a Cambridge School Certificate, amene tingawayerekeze ndi a Fomu 4 a masiku ano.

Apa ndi pamene tikuona mfundo yoyamba ya moyo wake, yakuti kuphunzira sikuthera pa mayeso. Mfundo imeneyi anaionetsa posiya malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi povomera kukhala m'kalasi ali wamkulu kale, m'dziko la eni, kutali ndi nsima ya kwawo. Ndipo kusankha kotere sikuchitika kamodzi n'kutha ayi. Munthu wodzilipirira sukulu ndi maganyu amasankhanso m'mawa uliwonse ngati kandalama kamene wapeza agulire buku kapena malaya, ngati madzulo awerenge kapena akacheze kwa anzake. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Setifiketi ya Cambridge ija inali mulu wa tizisankho ting'onoting'ono ta masiku mazanamazana.

Ali ku Uganda komweko mtima wake unkafunafunanso za chipembedzo. Kwa kanthawi analowa chipembedzo cha Baha'i, chimene chimaphunzitsa umodzi wa anthu a mitundu yonse, ndipo mu 1953 anaperekeza banja la Rex ndi Mary Collison ku Ruanda-Urundi kukalimasulira. M'menemo sanakhalitsemo. Njira yake inalowera ku ndale, zimene chipembedzocho chimaletsa anthu ake kulowamo. Tikutchula zimenezi kuti wachinyamata amene akadali kufunafuna asadzione ngati wosokera. Munthu wa zaka makumi awiri sabadwa ndi mfundo zake zolembedwa pamphumi. Amazipeza poyesa ichi ndi icho, n'kuona chimene chatsala mumtima zina zonse zitaphwa.

MLENDO WOSAKHALA CHETE

Mu 1953 boma la Britain linalumikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'Chitaganya, ngakhale mafumu ndi anthu a dziko lino anakana kwamtuwagalu. Likulu la Chitaganyacho linali Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo ndiko kumene a Chisiza anapita mu 1955, tsopano ali bambo wa zaka 25. Anapeza ntchito ya ukalaliki ndi kumasulira mu ofesi ya kazembe wa dziko la India. Inali ntchito yaulemu, ya kolala ndi tayi, mumzinda umene anthu ambiri ochokera kuno ankagwira ntchito ya ukhukhi, ya m'dimba la mzungu kapena ya m'fakitale. Dziko la India linali litalandira ufulu wake mu 1947, kotero kuti mu ofesimo a Chisiza ankaona tsiku ndi tsiku anthu amene dzana lomweli anali pansi pa Mngelezi akuyendetsa okha zinthu za dziko lawo.

Mlendo amene wapeza ntchito yabwino kwa eni amadziwa kuti chitetezo chake ndi kutseka pakamwa. A Chisiza sanatseke pakamwa. Chaka chomwecho cha 1955 anagwirizana ndi anyamata a konko, James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole, nakhazikitsa bungwe la City Youth League, lolimbana ndi malamulo a tsankho amene ankapanikiza anthu akuda m'malokeshoni. Mu 1956 bungweli linatsogolera anthu kunyanyala mabasi mitengo itakwera, ndipo chaka chomwecho boma la Southern Rhodesia linawapitikitsa a Chisiza m'dzikomo ngati mlendo wosafunika. Ntchito yabwino ija inathera pomwepo. Koma mbewu imene anafesa inamera. Mu 1957 Youth League inaphatikizana ndi gulu la ku Bulawayo kupanga African National Congress ya Southern Rhodesia, motsogozedwa ndi Joshua Nkomo, ndipo olemba mbiri ya Zimbabwe amatchula mnyamata wa ku Karonga uja pakati pa oyambitsa nkhondo yawo ya ufulu.

Mfundo yachiwiri ndiyo imeneyi, yakuti maphunziro ndi luso la munthu n'zotumikira nazo anthu anzake. Taonani kuti malokeshoni a ku Salisbury sikunali kwawo kwa a Chisiza, ndipo akadakhala chete palibe akadawaloza chala. Koma munthu amene anadzimana zambiri kuti aphunzire anakana kusandutsa maphunzirowo mpanda wodzitchingira yekha.

ZABWINO ZIWIRI ZIKAKOKERA KOSIYANA

Atabwerera kuno anagwira ntchito ndi chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo mu 1957 anapeza mwayi wonga umene anali kuusaka chitsikire ku Livingstonia: thandizo lokaphunzira ku England, pa Fircroft College mumzinda wa Birmingham, koleji yolandira anthu akuluakulu amene sukulu inawadutsa ali ana. Kumeneko anaphunzira zachuma, za kakhalidwe ka anthu ndi za ndale, maso ali pa mavuto a maiko osauka. Ali konko anayambanso kulemberana makalata ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene achinyamata a Congress monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume anali kumupempha kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yothetsa Chitaganya.

Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa msonkhano wa Congress ku Nkhata Bay mu Ogasiti chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho, ndipo a Chisiza anapatsidwa udindo wa mlembi wamkulu. Kuvomera udindowo kunatanthauza kutseka mabuku ku England ndi kubwerera kwawo opanda digiri, kudzagwira ntchito imene malipiro ake odziwika anali ndende. Anavomera.

Pamenepa ndi pamene pagona phunziro lalikulu la mbiri yonseyi. Kusiyanitsa chabwino ndi choipa aliyense amakutha, ngakhale si aliyense amatsata chabwinocho. Chothetsa nzeru ndi tsiku limene zinthu ziwiri zabwino, zonse zokondedwa ndi mtima wako, zikukokera mbali zosiyana. Kwa a Chisiza mbali ina kunali maphunziro amene anawavutikira zaka pafupifupi khumi, mbali ina kunali dziko lawo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu amene sanaganizirepo kuti pa mfundo zake yotsogola ndi iti amaima pa mphambano mpaka dzuwa kulowa. A Chisiza funsolo anali ataliyankha kale ku Salisbury, pamene anataya ntchito chifukwa cha anthu a m'malokeshoni. Maphunziro ankawafuna kuti atumikire nawo anthu. Tsono anthuwo ataitana, mfundo yoyamba inapatukira yachiwiri, osati chifukwa inali yopanda pake, koma chifukwa iyo inali khasu pamene inayo inali munda.

Ntchito ya mlembi wamkulu si yoomberedwa m'manja. Pamene ena ankakopa makamu a anthu pa nsanja, mlembi ankalemba makalata, kukonza misonkhano, kuyendera nthambi za chipani m'maboma ndi kuona kuti zimene zagwirizanidwa zachitikadi. M'miyezi yowerengeka nthambi za Congress zinachuluka m'dziko lonse, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyo inadutsa m'manja mwa mnyamata wa zaka 28.

NDENDE YOSANDUKA KALASI

Sitingabise kuti m'masiku amenewo a Chisiza anali m'gulu la achinyamata aphuma. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano wachinsinsi kutchire pafupi ndi Blantyre, Dr Banda palibe, ndipo boma la atsamunda linati kumeneko kunapangidwa chiwembu chopha azungu ndi amwenye. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo lapadera la nthawi ya chipolowe. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa ndipo pafupifupi 50 anaphedwa, ambiri a iwo ku Nkhata Bay. N'chifukwa chake tsikuli timalikumbukira chaka ndi chaka. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linapeza kuti chiwembu chopulula anthu chija kunalibe, komabe linapezanso kuti atsogoleri ena a Congress, kuphatikizapo a Chisiza ndi a Chipembere, anali atavomereza njira za ziwawa. Munthu wa mfundo zabwino angathe kuzithamangitsa mopitirira muyeso, ndipo zikatero ovulala amakhala anthu wamba.

A Chisiza anatengeredwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, tauni imene lero ndi Gweru, pamodzi ndi Dr Banda, a Chipembere ndi mkulu wawo Yatuta. Ndende imatha munthu ndi kusowa chochita. Iwo anaisandutsa kalasi. Mabuku a zachuma amene anawatseka ku Birmingham anawatsegulanso ku Gwelo, nawerenga ndi kulemba mwezi ndi mwezi, pamene Dr Banda ankawaphunzitsa anyamatawo mbiri ya maiko, onse akukambirana za m'mene dziko lidzayendere likadzamasuka. Mfundo yoyamba ija, imene inapatuka pa njira mu 1958, sinafe. Inangodikira nthawi yake.

Ife okhala mu Lilongwe ndende imeneyi ikutikhudza. Dr Banda ankanena kawirikawiri kuti ku Gwelo ndiko analota zinthu zitatu: yunivesite, msewu wa m'mphepete mwa nyanja, ndi kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Likululo linasamukadi mu 1975, ndipo ndi limene linakoka makolo athu kudzadzaza Area 23, Area 25, Chinsapo ndi Mgona. A Chisiza anali m'chipinda chimene maganizo otere ankakambidwa, koma mzindawo sanauone.

Dr Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960. A Chisiza anatsala m'ndende mpaka Seputembala chaka chomwecho, ndipo atatuluka anakhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, chipani chimene a Orton Chirwa ndi anzawo anakhazikitsa mu 1959 Congress italetsedwa. Zipatso za kuwerenga kwa ku Gwelo zinaoneka msanga. Mu 1961 munatuluka timabuku tawo tiwiri, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead. M'zolemba zawo anayamikira makhalidwe amene ankawaona mwa anthu a mu Africa, monga kukhalira pamodzi, kuolowa manja, kukhululuka msanga ndi kukonda nyimbo ndi magule. Koma sanalekere pa kuyamikira. Pamene anzawo ambiri ankangoona mbendera yatsopano, iwo ankafunsa za tsiku lotsatira: ndani adzayendetse maofesi, chuma chidzachokere kuti, ndipo atsogoleri adzapewe bwanji kukondera abale, kugawa maudindo kwa abwenzi ndi kulanga otsutsa.

CHOONADI NGAKHALE KWA ANZAKO

Pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 a Chisiza anasankhidwa kuimira Karonga m'Nyumba ya Malamulo, napatsidwa udindo wothandiza nduna mu Unduna wa Zachuma. Nduna yake inali Henry Phillips, Mngelezi wa boma lomwe lija linawatsekera. A Chisiza sanapite mu ofesimo kukabwezera. Anapita kukaphunzira ntchito, ndipo awiriwo anagwirizana kwambiri, kotero kuti Phillips anawalemekeza ngati munthu woyenera kudzatenga mpando wake. Wolephera Sitandade 6 uja tsopano ankakonza nawo ndondomeko ya chuma cha dziko.

Apa ndi pamene mfundo yachitatu inaonekera poyera, yonena zoona ngakhale kwa anthu a mbali yako. Kudzudzula mdani n'kosavuta, pakuti anzako amakuombera m'manja. Kudzudzula mnzako, kapena mtsogoleri amene unamuitana wekha, kumafuna mtima wina. Olemba mbiri amafotokoza kuti a Chisiza anasiyana maganizo ndi Dr Banda pa nkhani ya ngongole yomangira magetsi pa mathithi a Nkula mumtsinje wa Shire. Dr Banda sankafuna ndalama iliyonse yodzera ku Chitaganya, pamene a Chisiza ankaona kuti dziko lopanda magetsi silingatukuke. Onse awiri ankadana nacho Chitaganya, koma wina ankayang'ana ndale za lero, wina chuma cha mawa.

Mu Julayi 1962 a Chisiza anakonza msonkhano waukulu wa zachuma ku Blantyre, umene unasonkhanitsa akatswiri ochokera m'maiko ambiri ndi thandizo la Ford Foundation. M'nkhani imene iwo anakamba pa msonkhanowo anachenjeza za ulamuliro wankhanza wa munthu mmodzi m'maiko omasuka kumene. Anafotokoza kuti ulamuliro wotere umamera anthu akamukhulupirira mtsogoleri mopambanitsa mpaka kuleka kumufunsa, umameranso mtsogoleri akamakayikira aliyense womuzungulira, ndiponso umamera pamene pali dyera la mpando losadziwa malire. Dziko linali lisanalandire n'komwe ufulu, ndipo mlembi wamkulu wa chipani cholamula ankanena zimenezi pamaso pa alendo.

Chilungamo chikufuna tinenenso kuti chipani champhamvu chimene chinkakweza munthu mmodzi pamwamba pa onse, a Chisiza anachimanga nawo ndi manja awo. M'masiku a nkhondo yothetsa Chitaganya achinyamata a Congress anaona kuti kutamanda mtsogoleri mmodzi ndiyo njira yogwirizanitsira anthu, osadziwa kuti akuweta mwana wa mkango. Ulemu wa a Chisiza uli pakuti ataona ngoziyo anaitchula, ngakhale kuitchula kunali ngati kudziloza chala iwo eni.

Pa 3 Seputembala 1962, pasanathe miyezi iwiri chichitikire msonkhano uja, galimoto yawo inapezeka itagwera kunsi kwa mlatho wa Thondwe, pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, iwo atamwalira. Bwalo lofufuza za imfayo linati inali ngozi, koma manong'onong'o okayikira anayenda pakati pa anthu kwa zaka zambiri. Anasiya mkazi ali woyembekezera, ndipo mwana amene anabadwa mu Malichi 1963 ndiye Du Chisiza Jr, katswiri wa zisudzo uja wa gulu la Wakhumbata, amene anamwalira mu 1999.

Zimene anachenjeza sizinachedwe. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963 ndipo ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, koma patangopita miyezi iwiri nduna zinagawikana ndi Dr Banda. A Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi a Yatuta Chisiza anachoka m'boma, kenaka anathawa m'dziko. A Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida kudzera chakumwanza. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, mu 1971 Dr Banda anakhala pulezidenti wa moyo wake wonse, ndipo panafunika riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti anthu apezenso ufulu wofunsa mtsogoleri mafunso.

KWA INU AMENE MWATSIRIZA SUKULU

Ine wolemba nkhaniyi ndapitirira kale zaka zimene a Chisiza anakhala ndi moyo, ndipo ndili ndi digiri imene iwo analibe. Ndikaika moyo wanga pambali pa wawo, funso limene limandivuta si lakuti ndachita zazikulu zotani, koma lakuti kodi mlendo wondiyang'ana kwa mwezi umodzi angathe kutchula mfundo zanga monga m'mene ife tatchulira zawo. Pakuti mfundo zitatu zija, kuphunzira kosalekeza, kutumikira anthu ndi kunena zoona, sitinaziwerenge pa chikwangwani chimene iwo anapachika. Taziona m'zimene anasiya: ntchito ya ku Dar es Salaam, ntchito ya ku Salisbury, koleji ya ku Birmingham, ndi mtendere wa munthu wovomera zonse zimene bwana wanena.

Njira yodziwira mfundo zanu ndi yomweyo. Yang'anani m'mbuyo muone chimene munachitaya mwakufuna kwanu ndipo simunong'oneza nacho bondo; chimene munachitayiracho ndicho mfundo yanu. Kumbukiraninso chinthu chimene chinakusowetsani tulo ngakhale panalibe wokuonani. Pamenepo munaponda mfundo yanu ina. Mukazipeza, ndipo sizichuluka kuposa zala za dzanja limodzi, ziikeni m'ndandanda tsiku lamavuto lisanafike, kuti mudziwiretu imene idzapatukire inzake.

Musayembekeze kuti mfundozo zidzayesedwa pa msonkhano wa akatswiri kapena ku ndende ya Gwelo. Zidzayesedwa Lachiwiri wamba. Mwapeza ganyu wosankha mtedza ku Mgona, ndipo mnzanu akukunong'onezani kuti muuwaze madzi kuti ulemere pa sikelo, chikhalirecho mukudziwa kuti mtedza wonyowa umachita chuku n'kudwalitsa ana a eni. Mukuphunzira umakaniko m'galaja ku Biwi, ndipo mwini galimoto sangadziwe ngati mwaikamo chitsulo chakale n'kumulipiritsa cha chatsopano. Mwatumidwa kumsika wa Kawale, ndipo chenji chatsala chimene amayi sangachiwerenge. Mwalephera masamu, ndipo muyenera kusankha pakati pa kukabwereza ndi ang'ono anu kapena kukhala pa shopu kusewera bawo mpaka mayeso ena adutse. Palibe nyuzipepala idzalembe zimene mwasankha pa zinthu zimenezi, komabe ndi zomwezo zimene zikuumba munthu amene adzasankhe pa tsiku lalikulu.

Nafenso aphunzitsi mbiriyi ikutiyang'ana. Mwana amene wapeza 9 m'phunziro lathu tisamulembe m'kaundula wa otayika, pakuti aphunzitsi a ku Livingstonia mu 1949 anali ndi wolephera wawo amene zaka 13 pambuyo pake anaitanitsa akatswiri a zachuma a m'maiko akutali, iwo n'kubwera. Ndiponso ana amaphunzira mfundo kwa ife poona nthawi imene timafikira m'kalasi, m'mene timachongera mapepala a mwana wa mnzathu, ndi ngati mutu wovuta timauphunzitsa m'kalasi kapena timausungira okhawo olipira madzulo.

Ulendo wa a Chisiza unachokera ku Chitimba n'kudzera ku Dar es Salaam, Uganda, Ruanda-Urundi, Salisbury, Birmingham ndi Gwelo, kukathera pa Thondwe. Woyang'ana pa mapu angati munthuyu ankangoyendayenda. Koma khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko. Inu amene zotsatira za chaka chino zakukhotetserani njira, musayambe ndi kufunsa kuti njira yowongoka ili kuti. Yambani mwadziwa kumene mtima wanu walinga, ndipo mawa m'mawa muponde phazi loyamba cha kumeneko.